Momwe mungatsukire khoma la nyumba osasupula penti

Kuno ku Nkhotakota khoma limada msanga. Mu Okutobala fumbi limalowera pa mawindo, usiku nkhungu zochokera kunyanja zimaunjikana pa babu n'kufera pakhoma, ndipo ana akapha udzudzu ndi dzanja pamatsala kadontho kamagazi. Mayi wina amene tinayandikana naye nyumba anatopa nazo, anatenga waya wotsukira mapoto ndi sopo wa ufa n'kukhula chipinda chonse chochezera. Litsiro linachokadi, koma penti inapita nalo limodzi, ndipo landilodi anamuuza kuti apentenso ndi ndalama zake. Khoma limafuna dzanja lofewa.

Choyamba dziwani chimene chinapakidwa pakhomalo. Nyowetsani kansalu koyera, mupukute pang'ono kuseri kwa chitseko kapena kwa kabati, pamene alendo saona. Ngati khoma likunyezimira ndipo kansaluko katuluka koyera, imeneyo ndi penti ya mafuta, imapirira madzi. Ngati mtundu wa penti watsalira pang'ono pa kansalu, ndi penti ya madzi, yomwe ili m'nyumba zambiri za lendi, ndipo muisamale. Ngati dzanja latuwa ngati mwagwira choko, ndi laimu. Khoma la laimu musalitsuke n'komwe: lisaseni ndi tsache lofewa, likada kwambiri mupakenso laimu wina, ndi wotchipa kusiyana ndi penti. Khoma lopentedwa kumene lidikire mwezi wathunthu kuti penti ilimbe.

Musanatunge madzi, kumbukirani ngati a zaumoyo anapopera mankhwala a udzudzu m'nyumba mwanu. Boma lathu lino ndi kumene ntchito yopopera m'makoma inayambira mu 2007, ndipo mankhwalawo amagwira ntchito atakhala pakhomapo kwa miyezi ingapo. Mukatsuka, mwachotsa chitetezo cha ana anu ku malungo. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu nthawi yoyenera, ndipo pakadali pano lolani khoma likhale ndi madontho ake.

Kenako chotsani fumbi khoma lili louma. Mangani nsalu yakale kumutu kwa tsache, musese kuchokera kudenga kutsika pansi, m'makona momwe mumakhala akangaude ndi pamwamba pa mafelemu. Ambiri amadumpha pamenepa, ndiye fumbi likakumana ndi madzi limasanduka matope n'kulowerera mu penti. Nkhungu zouma zambiri zimagwa zokha ndi tsache. Sendezani mipando, yalani masaka pansi, ndipo zimitsani magetsi pa main switch ngati mutsuke pafupi ndi masoketi.

Konzani ndowa ziwiri. Ina ikhale ya madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, kasupuni kamodzi pa malita 5 n'kokwanira. Inayo ikhale ya madzi oyera otsukuluzira. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi waukali, amasiya mizere yotuwa. Ngati madzi a pa mjigo wanu amamveka mchere, gwiritsani ntchito a pa mpopi kapena amvula, chifukwa amcherewo akauma amasiya zoyera.

Viikani siponji kapena nsalu yofewa, muifinye mpaka isamadonthe. Yambirani m'munsi kukwera m'mwamba, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, mukuzunguliza dzanja mopepuka. Zimamveka zosemphana, koma madzi akuda akatsetserekera pakhoma louma amajambula mizere yovuta kuchotsa, pomwe pakhoma lonyowa kale amangopukutika. Tsukuluzani kachigawoko ndi nsalu ya mu ndowa yachiwiri, muumitse ndi thaulo lakale, kenako musunthe. Madzi akada, tayani mutunge ena.

Madontho ouma mutu ali ndi njira zawo. Magazi a udzudzu amafuna madzi ozizira, otentha amawaumitsa. Nkhungu zimene zinaphwanyikira pakhoma muziike nsalu yonyowa kwa mphindi ziwiri kuti zifewe, musazikande ndi chikhadabo. Zolemba za ana ndi makrayoni, ikani soda wophikira pang'ono pa nsalu yonyowa n'kupukuta mosakanikiza. Mwaye wa mbaula ndi koloboyi muuchotse kaye wouma, chifukwa ukanyowa umafalikira. Pambuyo pake sopo wa mbale amachotsa mafuta otsalawo.

Nguwi yakuda ya nthawi yamvula, imene imatuluka kuseri kwa bedi ndi kubafa, imafuna Jik: kapu imodzi pa makapu 10 a madzi. Tsegulani mawindo, valani magolovesi, yesani kaye pobisika chifukwa penti yamtundu ikhoza kusuluka. Jik musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi, mpweya umene umatuluka umapweteka m'chifuwa ndipo ukhoza kukomola munthu m'chipinda chotseka.

Mukaona ufa woyera ngati mchere m'munsi mwa khoma, penti ikutupa n'kumagwa, vuto lili m'kati mwa njerwa: chinyezi chikukwera kuchokera pansi. Pamenepo madzi amangoonjezera. Sasani ufawo ndi burashi youma, muone ngati madzi a padenga sakudikha m'mbali mwa nyumba, ndipo muitane mmisiri aone maziko musanagule chitini china cha penti.