Kuwerengera Makalori Amene Thupi Limagwiritsa Ntchito Poyenda Pabwalo la Gofu

Munthu akamaliza maenje onse 18 a gofu akuyenda wapansi, wotchi yake imamuuza nambala ya makalori (muyezo wa mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito) imene kawirikawiri imakhala yosangalatsa kuposa choonadi. Vuto lake n'lakuti masewerawa amatenga maola pafupifupi anayi, koma si nthawi yonseyi imene munthu amakhala akuyenda. Mbali yaikulu amathera choimirira, kudikira kuti anzake amenye mpira, kapena kuyang'anitsitsa kutsetsereka kwa kapinga wa pafupi ndi dzenje. Kuti mupeze nambala yodalirika, m'pofunika kuwerengera m'njira ziwiri n'kuziyerekeza.

Musanachoke panyumba, kwerani pasikelo kuti mudziwe kulemera kwanu m'makilogalamu, kenako mukwerenso mutanyamula chikwama chanu cha zibonga. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kulemera kwa katundu wanu. Malamulo a gofu amalola zibonga zosapitirira 14, koma chikwama chimalemeranso ndi mipira, madzi akumwa ndi ambulera, choncho musangoyerekeza m'mutu. Mukafika pabwalo, yatsani GPS ya pafoni kapena ya pawotchi, yoyeza mtunda umene mwayenda, pamene mukumenya mpira woyamba, ndipo muizimitse mpira ukangolowa m'dzenje lomaliza. Musadalire utali wolembedwa pakhadi la zigoli, chifukwa umangosonyeza mtunda wochokera pomenyera kukafika padzenje. Wosewera amakhotakhota kutsatira mpira wake, amaufunafuna m'maudzu, ndipo amayendanso kuchoka padzenje lina kupita pomenyera potsatira, moti bwalo la makilomita 6 likhoza kumuyendetsa makilomita 8 mpaka 10.

Njira yoyamba imagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa MET. MET imodzi ndi mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala phee, ndipo imafanana ndi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa ola limodzi. Mndandanda wa akatswiri wotchedwa Compendium of Physical Activities, umene unatuluka koyamba mu 1993, m'kope lake la 2011 unapereka 4.3 kwa woyenda atanyamula zibonga, ndi 3.5 kwa wokwera kagalimoto ka pabwalo. Mungochulukitsa MET ndi kulemera kwanu ndi maola. Munthu wa makilogalamu 80 amene wasewera maola anayi atanyamula chikwama apeza makalori 1,376. Koma apa m'pamene ambiri amadzinamiza, popeza thupi lomwelo likanagwiritsabe ntchito makalori 320 pa maola anayiwo ngakhale mwini wake akanagona pampando. Mukachotsa amenewo, a gofu weniweni amatsala 1,056.

Njira imeneyi ili ndi chilema chimodzi chachikulu: imapereka mphoto kwa wochedwa. Ngati gulu la kutsogolo kwanu likusewera mwachizerezere ndipo masewera atenga maola asanu, masamu akuwonjezerani makalori oposa 300, chikhalirecho ola lowonjezeralo mwalithera mutatsamira chibonga.

N'chifukwa chake ine ndimakonda kuyambira pa mtunda. Malinga ndi masamu a bungwe la American College of Sports Medicine, kuyenda pamalo athyathyathya kumafuna pafupifupi theka la kalori pa kilogalamu iliyonse pa kilomita imodzi, osaphatikizapo mphamvu ya thupi lopuma. Phatikizani kulemera kwa thupi ndi kwa chikwama ngati mwachinyamula nokha. Munthu wathu uja, ngati chikwama chake chikulemera makilogalamu 10 ndipo wayenda makilomita 9, achulukitsa 90 ndi 9 n'kugawa pakati, n'kupeza makalori 405. Zitunda zimawonjezera kwambiri, ndipo GPS zambiri zimasonyeza mamita onse amene mwakwera. Pa mamita 100 aliwonse okwera, onjezani kalori yosakwana pang'ono imodzi pa kilogalamu, kutanthauza makalori 81 kwa munthu ameneyu. Ngati wakwera mamita 100 okha, onse pamodzi akuyandikira 490.

Manambala awiriwa, 490 ndi 1,056, atalikirana kwambiri, ndipo zimenezi siziyenera kukudabwitsani. Yaing'onoyo ikusiya kunja kumenya mpira, kumenya koyeserera, kuwerama, kuimirira, kutula ndi kusenzanso chikwama, komanso kulemera kwa mwendo paudzu wautali ndi pamchenga. Yaikuluyo ikutenga maola onse ngati ofanana. Muziona yoyamba ngati malire a pansi ndi inayo ngati malire a pamwamba. Ngati masewera anayenda mwachangu pabwalo la zitunda, choonadi chili chakumtunda, ndipo ngati munadikira padzenje lililonse, chili chakumunsi.

Nanga wotchi yoyeza kugunda kwa mtima? Ndi yothandiza, koma si woweruza. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Stanford wa mu 2017 anapeza kuti zipangizo zovala padzanja zimayeza bwino kugunda kwa mtima, koma pa makalori ngakhale chimene chinachita bwino koposa chinaphonya ndi pafupifupi 27 peresenti. Pagofu pali zovuta zinanso: kufinya chibonga ndi kugwedeza dzanja kumasokoneza kachipangizo kowala kamene kali kunsi kwa wotchi, ndipo mtima umathamanga chifukwa cha kutentha kwa dzuwa kapena mantha a mpira wovuta, popanda minofu kugwira ntchito yowonjezera. Lamba wa pachifuwa amayeza mtima molondola kuposa wotchi. Onetsetsaninso kuti mwalemba molondola kulemera, msinkhu ndi zaka zanu m'chipangizocho, ndipo muone ngati nambala imene chikusonyeza yaphatikiza mphamvu ya thupi lopuma kapena ayi. Ngati chikuwerengera m'makilojulo, womwe ndi muyezo wina wa mphamvu, gawani ndi 4.2 kuti mupeze makalori.

Musatenge kutsika kwa sikelo mukamaliza masewera ngati umboni, pakuti chimene chachoka ndi thukuta, ndipo chibwerera mukangomwa madzi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Lembani m'kabuku mtunda, nthawi, mamita okwera ndi nambala ya wotchi pa masewera anayi kapena asanu pabwalo limodzimodzi, ndipo tsiku limene munabwereka kagalimoto kapena wina anakunyamulirani chikwama mulilembe padera.