Potulutsa ana panja, tengani funso limodzi

Aphunzitsi ena akamva zoti ana aziphunzirira panja, amangonyamula bolodi n'kukaliyedzeka pamtengo, ana n'kukhala m'mizere monga mwa masiku onse. Kumeneko n'kusamuka chabe. Phunziro la panja limayamba mwana akagwira chinthu ndi manja ake n'kuyamba kufunsa.

Ndiye potuluka, tengani funso limodzi basi. Mwachitsanzo: mtengo uwu ndi wautali bwanji, popanda woukwera? Zikani ndodo pamalo athyathyathya owala dzuwa, mbali yoonekera ikhale mita imodzi. Ana ayeze chithunzithunzi cha ndodoyo ndi chingwe, nthawi yomweyo ena ayeze cha mtengo. Ngati cha ndodo chili mamita 2, cha mtengo mamita 14, mtengowo ndi wa mamita 7. Koma musafulumire kuwauza. Alekeni atsutsane, abwereze kuyeza, chingwe chipotane. Dzuwa likafika paliwombo bwererani nawo pomwepo, akapeza chithunzithunzi chafupika. Mwina wina afunsa ngati mtengo nawo wafupika. Musamuseke ameneyo, wakutsegulirani phunziro la mawa.

Ana aang'ono alibe nazo ntchito zowerengera zotere. Iwo agubuduzireni mwala kapena chipika chowola (gubuduzani ndi ndodo, inuyo osati iwo) kuti aone zokhala pansi pake. Awerenge miyendo: nyerere ili nayo 6, kangaude 8. Akamaliza, mwalawo ubwerere mmene unalili, chifukwa ndi nyumba ya eni.

Musadzaze nthawi yonse ndi ntchito. Asiyireniko mpata woti aumbe dothi, amange tinyumba ta timitengo, ayende pachipika osagwa. Inu imani poteropo, maso ali pa iwo, pakamwa potseka. Zovala zida ndithu, n'chifukwa chake ndi bwino kudziwitsiratu makolo.

Akakufunsani kuti nthawi ya maphunziro mukuitayiranji, yankho lilipo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Maso nawo amapindula: ana okhalitsa panja sapezeka kawirikawiri ndi vuto losaona zakutali, moti ku Taiwan kuyambira mu 2010 sukulu zinalimbikitsidwa kuti ana azikhala panja mphindi 120 patsiku.

Pa chitetezo ndiye osachita mphwayi. Yendani nokha pamalopo ana asanafike, muone mabotolo osweka, maenje, zisa za mavu kapena njuchi, ndi udzu wautali mobisala njoka. Aonetseni malire ooneka ndi maso, monga mtengo uwo ndi mwala uwo, osati kungoti "musapite kutali", poti kwa mwana kutali kulibe. Mugwirizane chizindikiro chobwerera, kaya wezulo kaya kuwomba m'manja katatu, ndipo muyeserere musanayambe. Awerengeni potuluka, awerengeninso polowa. Chipatso kapena bowa wosadziwika asaike m'kamwa, ndipo pobwera asambe m'manja ndi sopo. Mabingu akangoyamba kugunda, nonse lowani m'nyumba, osathawira pansi pa mtengo.

Kalasi ikakhala yaikulu, igaweni m'magulu a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense ndi ntchito yake: wogwira chingwe, wowerenga, wolemba. Kwa sabata yoyamba, mphindi 20 zakwana.