Thermostat ya injini ya boti: iyeseni kaye musanaitaye

Injini ya boti ikayamba kutentha, ambiri pa doko amathamangira kuchotsa thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, n'kuiponya kutali. Kutenthako kumatha kuchepa, inde, koma vuto lenileni limangobisala, kenako n'kubwera lina.

Mainjini opachika kumbuyo kwa boti, ngati a Yamaha omwe asodzi a usipa amadalira ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, alibe rediyeta. Amazizira ndi madzi a m'nyanja momwemo. Madziwo amalowera pa timabowo ta m'munsi pafupi ndi pulopela, impela, kagudumu ka mapiko a labala ka m'pampu ya madzi, n'kuwakankhira m'mwamba mu paipi mpaka azungulire masilinda. Thermostat imakhala potulukira madziwo, nthawi zambiri pa hedi, chitsulo chotseka mutu wa masilinda, pansi pa kachivundikiro ka mabawuti awiri kapena atatu. M'kati mwake muli phula lotsekeredwa m'kachitsulo. Injini ikakhala yozizira, sipuling'i imatseka khomo, madzi amachedwa kutuluka, injini n'kufunda msanga. Ikatentha, phula lija limasungunuka n'kufufuma, limakankha kamtengo kachitsulo, khomo n'kutseguka. Palibe magetsi, palibe waya.

Madigiri omwe imatsegukira amadindidwa pa thermostat pomwepo. Pa mainjini otere ambiri ndi 50 kapena 60°C, pomwe ya galimoto imadikira kupitirira 80°C. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa: madzi osasefa, makamaka amchere, akatentha kwambiri amasiya zokakamira zoyera m'njira zamadzi mpaka kuzitseka. Choncho ya galimoto musaikemo, ngakhale itakwana bwino pamalopo. Mainjini a dizilo a maboti akuluakulu omwe amazungulitsa kulanti (madzi a mankhwala oziziritsira injini) m'kati ndiwo amafika madigiri 70 mpaka 85.

Musanamasule chilichonse, yang'anani kamadzi komwe injini imakodza kumbuyo. Ngati kakudontha mofooka kapena kasiya, yambirani m'munsi: jumbo kapena udzu wophimba timabowo tolowera madzi, mchenga wolowa pokocheza boti pamadzi osaya, impela yothothoka mapiko. Nthawi zina ndi kabowo kokodzerako komwe katsekeka, ndipo kachingwe ka mbedza kolimbirapo kamatsegula. Koma kamadzi kamphamvu kasakunamizeni. Pa mainjini ambiri kamatuluka madzi asanadutse pa thermostat, ndiye kamangotsimikiza kuti pampu ikugwira ntchito. Injini yokodza bwino koma hedi yake n'kumatentha moti dzanja silingakhalepo, kapena alamu n'kumalira, imeneyo mukaikire thermostat yokakamira chotseka.

Yokakamira chotsegula sipanga phokoso, n'chifukwa chake anthu amakhala nayo miyezi. Injini siifika pa kutentha kwake, mafuta sapsa onse, mapulagi amada ndi mwaye, maring'i amamatidwa, petulo amatha msanga, ndipo pa liwiro lotsika imangozimazima. Pa injini ya four-stroke, yomwe oyilo wake sasakanizidwa ndi petulo, oyilo amachuluka chifukwa cha petulo wotsikiramo, mwinanso kuyera ngati mkaka. Izi ndi zomwenso mumadziitanira mukachotseratu thermostat. Ena amati madzi a nyanja ya Malawi ndi ofunda kale, ndiye thermostat siifunika. Pamwamba pake amakhala pakati pa 24 ndi 29°C, kutali kwambiri ndi zomwe injini imafuna. Komanso pa mainjini ena thermostat imathandiza kuti madzi adzaze mpaka silinda ya pamwamba. Ikachoka, madzi amangodutsa mothamanga, malo ena n'kumapsa. Timainjini tina ting'onoting'ono tidapangidwa topanda thermostat, imeneyo ndi nkhani ina.

Kuyesa n'kosavuta. Dikirani injini izizire, masulani mabawuti (kawirikawiri sipanala ya 10 imakwana), ndipo onetsetsani momwe thermostat yakhalira musanaizule. Ikakhala yotseguka ili yozizira m'manja mwanu, yang'anani ngati kachigoba ka nkhono kapena kamwala kaipinga; ngati mulibe kanthu, yatha. Ikakhala yotseka, imangeni ku kawaya n'kuilendewetsa mu poto wa madzi, isakhudze pansi, chifukwa chitsulo cha poto chimatentha kuposa madzi. Ikanimo choyezera kutentha, moto ukhale wochepa, muzitakasa. Iyambe kutseguka pa madigiri odindidwawo, kusiyana kusapose awiri kapena atatu, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri ena khumi khomo likhale litakwera mamilimita atatu kapena kuposerapo. Mukaivuula itseke yokha. Yochedwa, yotseguka theka kapena yosabwerera, gulani ina. Zoyera zokakamira zimachoka mukaiviika mu viniga, koma phula likatayika palibe chokonza.

Pobwezera, palani gasiketi yakale mosakanda aluminiyamu, chotsani mchenga wa m'chibowo, ndipo ikani gasiketi yatsopano. Mbali ya phula ndi sipuling'i ilowe m'kati mwa injini, komwe kuli madzi otentha. Mukaitembenuza siitseguka pa nthawi yake. Pakani girizi pang'ono pa mabawuti, mangani mosinthanasinthana, ndipo musakakamize, chifukwa mazinga a mu aluminiyamu sachedwa kulala.

Lizani injini ili m'nyanja kapena m'mgolo, madzi atamiza pampu yonse. Pouma, impela imapsa m'masekondi ochepa. Ionetseni thermostat kamodzi pachaka, tsiku lomwe mukusintha impela, ndipo mapiko a impela yakale akapezeka operewera, sakani zidutswazo kuseri kwa thermostat, chifukwa ndi komwe zimakonda kukakodwa.