Momwe mungagulire firiji kapena makina ochapira pamene katundu akuchedwa panjira

Firiji ikafa, munthu saganiza za sitima zapamadzi. Mumangofuna ina ifike msanga zakudya zisanaole. Wogulitsa amati ifika pakatha sabata ziwiri, inu mumalipira, ndiye sabata ziwirizo zimasanduka miyezi iwiri. Nthawi zambiri sikuti wogulitsayo wanama dala. Tsiku limene wakupatsani ndi longoyerekeza, chifukwa firijiyo nayenso sanaione ndi maso.

Firiji imachoka ku fakitale n'kulowa mu kontena, kontenayo ikwezedwa pa sitima, itsitsidwa padoko, thiraki iinyamule kupita kosungira katundu, kenako galimoto yaing'ono ibwere nayo pakhomo panu. Pakangosokonekera pamodzi, zonse zaima. Mu March 2021 sitima ya Ever Given inatsekereza ngalande ya Suez Canal ku Egypt kwa masiku 6, sitima mazanamazana n'kumangodikira kumbuyo kwake. Mu January 2022 sitima zoposa 100 zinali pamzere kudikira kutsitsa katundu m'madoko a Los Angeles ndi Long Beach ku America. Kuyambira chakumapeto kwa 2023, sitima zambiri zinasiya kudutsa pa Nyanja Yofiira poopa kuukiridwa, zinayamba kuzungulira ku Cape of Good Hope, kumwera kwa Africa, ndipo ulendo wochoka ku Asia kupita ku Ulaya unatalika ndi masiku pafupifupi 10.

Koma chimene chimapweteketsa mutu kwambiri ndi chakumtunda. Katundu akhoza kufika padoko n'kusowa womunyamula. Mu 2021 bungwe la Road Haulage Association linati ku Britain kukusowa madalaivala a mathiraki pafupifupi 100,000, pomwe la American Trucking Associations linati ku America kukusowa 80,000. Ochepa amene alipowo sangangoyenda usana ndi usiku. M'mayiko a European Union lamulo limati masiku ambiri dalaivala asayendetse kupitirira maola 9 patsiku, ndipo akayenda maola anayi ndi theka apume mphindi 45. Ine lamuloli ndimaligwirizana nalo, chifukwa dalaivala wa tulo pa thiraki ya matani 40 ndi ngozi yoposa firiji yochedwa. Chomwe mungachite inu ndi kugula mochenjera.

1. Funsani kumene katunduyo ali lero lino

Musafunse kuti "ifika liti?" Funso limenelo limangobweretsa yankho lokusangalatsani. Funsani kuti: "Firiji imeneyi pakadali pano ili kuti? Muli nayo kuno, ili kosungira katundu kwanu, ili padoko, kapena simunaiitanitse n'komwe?" Mayankho anayiwa ndi osiyana kutali. Yomwe ili kosungira katundu imangofuna galimoto ndi dalaivala. Yomwe ili panyanja ikadali ndi doko, a kasitomu ndi thiraki patsogolo pake. Yomwe sinapangidwe, tsiku lake palibe amene akulidziwa, ngakhale bwana wa sitoloyo.

Pa intaneti samalani ndi mawu akuti katundu alipo. Nthawi zina amatanthauza kuti mukhoza kumuitanitsa basi. Imbani foni, wogulitsayo ayang'ane pa kompyuta yake akuuzeni kuti zatsala zingati, ndipo ngati ilipo yomwe angailembe dzina lanu.

2. Sankhani zitatu, osati imodzi

Lembani nambala ya mtundu umene mwaukonda, kenako pezani ina iwiri yomwe mungailandire. Kawirikawiri chimene chikusowa ndi mtundu wa penti kapena kachinthu kowonjezera. Yoyera ilipo, yasiliva ndiyo ya miyezi itatu. M'zaka za 2021 ndi 2022 tizipangizo ta kompyuta totchedwa ma chip tinkasowa, ndipo makina ochapira, mafiriji ndi makuka a masiku ano amadalira timeneti. Ngati simukufunadi firiji yolumikizana ndi foni, isiyeni. Ntchito ya firiji ndi kuziziritsa.

3. Tsiku lilembedwe, ndalama musapereke zonse

Apa ndi pamene anthu ambiri amalira. Mawu apakamwa sakuthandizani tsiku la mkangano. Pa risiti kapena mu uthenga palembedwe nambala ya katunduyo, tsiku lomaliza lomwe afike, ndi zomwe zichitike tsikulo likadutsa: kodi akubwezerani ndalama zonse, kapena adulapo? Funsaninso ngati mtengo ungasinthe muli kudikira, chifukwa mtengo wonyamulira kontena ukakwera ena amafuna kukankhira kwa wogula amene analipira kale.

Ngati alola, perekani gawo lochepa chabe, zotsalazo tsiku lolandira. Akakana, lipirani ndi khadi ya kubanki m'malo mwa ndalama zapamanja, popeza makhadi ambiri ali ndi njira yodandaulira katundu akapanda kufika. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain, ngati simunagwirizane tsiku lina, wogulitsa ayenera kubweretsa katundu pasanathe masiku 30. Ku America wogulitsa wa pa intaneti akalephera kutumiza pa nthawi yake ayenera kukudziwitsani ndi kukupatsani mwayi wosiya n'kulandira ndalama zanu. Fufuzani lamulo la kumene mukukhala musanasaine.

Ndipo waranti, lonjezo lija loti akukonzerani katundu akawonongeka, iyambe kuwerengedwa tsiku lolandira, osati tsiku lolipira. Miyezi itatu ya waranti isathere panyanja.

4. Yezani pakhomo

Yezani malo amene chinthucho chikakhale, zitseko zonse zomwe chidutse, ndi pokhotera pa masitepe. Kumbuyo kwa firiji kumafunika kampata kopitira mphepo. Kudikira miyezi iwiri kenako firiji n'kukana kulowa pakhomo, ndiye kuti mwabwerera kumchira kwa mzere.

5. Yakaleyo musaitaye msanga

Ngati ikugwirabe ntchito movutikira, isungeni mpaka yatsopano italowa m'nyumba n'kuyaka. Itanani mmisiri aione. Firiji yosazizira bwino nthawi zina vuto lake ndi labala wa pachitseko, fani, kapena fumbi lodzadza kumbuyo. Makina ochapira okana kutulutsa madzi nthawi zambiri amakhala kuti sefa yake yatsekeka ndi ndalama zachitsulo kapena mabatani. Kukonza kotere kungakupatseni miyezi yodikirira mtima uli m'malo. Firiji ikafa mwadzidzidzi, musamaitsegule: firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, ndipo firiza yodzadza imatha kufika maola 48.

6. Tsatirani mwaulemu koma osatopa

Kamodzi pa sabata nkokwanira. Lembani tsiku, dzina la amene mwayankhula naye ndi zomwe wanena. Kukalipira wolandira foni sikubweretsa dalaivala. M'malo mwake muuzeni kuti mukhoza kulandira tsiku lililonse, ngakhale atakudziwitsani m'mawa womwewo, chifukwa wina akalephera kulandira katundu wake galimoto imakhala ndi malo. Funsaninso ngati mungakatenge nokha kosungirako. Tsiku likasunthidwa kachiwiri popanda chifukwa chomveka, tengani ndalama zanu mupite pa mtundu wachiwiri uja.

7. Tsiku lofika

Anyamata obweretsa katundu amakhala pa changu, ali ndi makomo ena ambiri. Musalole changu chawocho chikusainitseni musanaone. Atsegule katoni inu muli pompo. Onani nambala ngati ikufanana ndi ya pa risiti, yang'anani m'mbali ndi kumbuyo ngati mwaphwanyika, jambulani zithunzi, ndipo chilichonse cholakwika chilembedwe pa pepala lomwe mukusainalo.

Makina ochapira atsopano amabwera ndi mabawuti kumbuyo ogwira mgolo wake kuti usagwedezeke panjira. Achotseni musanachape, apo ayi makinawo adzavina nyumba yonse n'kuwonongeka. Firiji musaiyatse nthawi yomweyo. Iimike mowongoka kwa maola angapo kuti mafuta a mu kompuresa abwerere m'malo mwake, ndipo ngati inabwera chogona, kabuku kake kakuuzani kutalika kwa nthawi yodikira. Ikayaka, isiyeni izizire kaye yopanda kanthu musanaikemo zakudya.