Ngati FreeCell imakutsekerezani pakati, yesani izi

Ine FreeCell, gemu ya makadi ya pa kompyuta, inkandikanika kawirikawiri, mpaka nditasiya kuthamangira kudzaza timabokosi tinayi tapamwamba tosungiramo khadi limodzi limodzi mongoyembekezera.

Musanakhudze khadi lililonse, yang'anani kaye pomwe pakwiririka ma A ndi ma 2, ndipo muyambe kufukula pamenepo.

Kenako muziwerenga. Makadi osanjana amene mungasunthe nthawi imodzi ndi chiwerengero cha timabokosi topanda kanthu, kuwonjezerapo limodzi. Tonse tinayi tikakhala topanda kanthu mumasuntha makadi 5, koma mukadzaza titatu mwatsala ndi 2 basi, manja omangika. Mukamaliza mzere umodzi n'kuusiya wopanda khadi, chiwerengerocho chimawirikiza kawiri posunthira pa mzere wina wokhala ndi makadi: 5 aja asanduka 10. N'chifukwa chake ine mzere wotere ndimauumira, sindiponyamo khadi mwachisawawa, ngakhale K amene amakopa uja.

Zikathina musafulumire kuyamba gemu yatsopano. Dinani Ctrl ndi Z, mubwerere m'mbuyo mpaka pomwe munadzaza kabokosi kachitatu, nthawi zambiri cholakwika chimakhala pamenepo. Pa magemu 32,000 a FreeCell yakale ya Windows, wosatheka kuwina ndi nambala 11982 yokha.