Kuwongola msana wopindika ndi khoma, mphasa ndi chubu ya njinga

Ine chinandiulula ndi chithunzi. Kunali ukwati wa mphwanga ku Dómuè, wina anatijambula pa foni tili pamzere wa perekaniperekani, nde madzulo akuziponya pa WhatsApp ndikuona bambo wina waima chammbali, mutu uli kutsogolo ngati nkhuku yofuna kujompha chimanga, mapewa agwera mkati, pankhongo patukuka kalinunda. Ndinafunsa kuti awawa ndi achibale akuchikazi? Mayi akunyumba anaseka mpaka misozi, amvekere "ndinutu amenewo abambo, simukuzindikira malaya anu omwe?" Ndine telala, ndimasoka pamsika ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, tsiku lonse chiweramire pa makina, ndikaweruka ndiweramirenso foni, ndiye thupi linangotengera momwemo.

Choyamba chomwe aliyense amakuuza ndi chakuti "wongoka iwe". Ndinayesa. Umawongoka mphindi ziwiri, kasitomala akangobwera ndi kapulana (chitenje) yake nkuyamba kufotokoza sitayilo, wabwerera kale mwakale osadziwa. Vutoli si kuiwala kapena ulesi ayi. Minofu ya kutsogolo, ya pachifuwa ndi ya pamphechepeche pomwe ntchafu imakumana ndi mimba, imakhala yazolowera kufupika chifukwa cha kukhala kopinda kuja, pomwe ya kumbuyo, ya pakati pa mapewa, ya kumatako, komanso ina yaing'ono ya mkati mwa khosi kutsogoloku, imakhala yagona tulo chifukwa palibe ntchito yomwe ikupatsidwa. Nde ntchito yake ndi iwiri basi, kukoka zomwe zafupika ndi kudzutsa zomwe zagona. Mukachita chimodzi chokha mudzangotopa.

Komanso msana wabwino si wowongoka ngati mtengo wa bulugama. Uli ndi mafupa 7 m'khosi, 12 pomwe pagwira nthiti, ndi 5 m'chiuno, ndipo mwachibadwa umakhota pang'ono katatu, kulowa mkati pakhosi, kutuluka pamapewa, kulowanso mkati pachiuno. Ndiye zotukula chifuwa ngati msilikali pa perete zija nazonso si zimenezo, mumangosamutsira ululu m'chiuno. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilo 5. Dokotala wina wa misana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera mu 2014 kuti ukaweramitsa mutu kwambiri mmene timachitira poona foni ili pamiyendo, khosi limamva ngati lasenza makilo 27. Taganizani, kuposa chigubu cha malita 20 chodzadza madzi, koma opanda nkhata, maola atatu uli pa Facebook.

Musanayambe dziyeseni kaye pakhoma. Imani chofulatira khoma, zidendene zitalikire pang'ono ngati zala zinayi, matako ndi kumapewa zikhudze khoma. Nkhongo yakhudza yokha kapena mpaka mwachita kukweza chibwano kuyang'ana kudenga? Ine siinkafika, pankalowa chibakera chathunthu. Kenako lowetsani dzanja kumbuyo kwa chiuno, chikhatho chiyenera kulowa mothina pang'ono, ngati mukulowa mkono wonse momasuka ndiye kuti chiuno chinapendekera kutsogolo.

Ntchito yoyamba yowongola thupi ndi ya chibwano, ndipo iyi ndi yomwe anthu ambiri amailakwitsa. Khalani kapena imani, maso ayang'ane kutsogolo, ikani chala pachibwano, ndiye bwezani mutu wonse chambuyo kuthawa chalacho ngati munthu wakubweretsera chinthu chonunkha pamphuno. Si kugwedeza mutu kuvomera ayi, si kuyang'ana pansi, mutu ukuyenda chambuyo ngati dulowa ya tebulo ikutsekedwa. Pansi pa chibwano papanga kamnofu kachiwiri konyansa, musadandaule, ndi umboni woti mwachita bwino. Mumva kukoka kunkhongo pomwe pamathera tsitsi. Gwirani muwerenge mpaka 5, siyani, kakhumi. Mukaona kuti mitsempha ikuluikulu ya m'mbali mwa khosi yatukuka ndipo mano mwaluma, mwanyanya mphamvu, chepetsani. Masiku oyamba ndi bwino kuyesera mutagona chagada pamphasa opanda pilo, kumakanikiza nkhongo pansi pang'onopang'ono, pamenepo ndi povuta kubera. Iyi ndimachita ngakhale mu chapa (minibasi) popita ku Tete, anthu amangoyesa ndikulimbana ndi tulo kkkk.

Kenako pitani pachitseko. Imani pakati pa mphuthu, kwezani mikono ngati wapolisi wakuuzani kuti manja m'mwamba, zigongono zikhale mulingo wa mapewa ndipo zitsamire mphuthu uku ndi uku, ponyani mwendo umodzi kutsogolo nkukankha chifuwa pang'ono kulowa m'nyumba mpaka mumve kukoka pachifuwa kufupi ndi kukhwapa. Masekondi 30, mukupuma bwinobwino, katatu. Osamakankha modzidzimutsa ngati mukulimbana ndi mota (njinga yamoto) yokana kulira, ingokhalani pomwepo phee. Mukamva kubaya mkati mwa phewa kapena dzanzi m'zala, tsitsani zigongono pang'ono.

Ya kalinunda ndi iyi. Pindani kapulana ziwiri kapena thaulo kukhala ngati mtsamiro wolimba wonenepa ngati mkono, ikani pamphasa chopingasa, gonani chagada kuti ikhale pamsana mulingo wa pakati pa mapewa, mawondo opinda, manja atagwira nkhongo kuti khosi lisalendewere. Lolani mapewa agwere pansi, pumani kasanu mozama, sendezani thaulo ija m'mwamba pang'ono, bwerezani. Isafike m'chiuno, malo ake ndi pomwe pali nthiti pokha. Nthawi zina pamalira kuti go go, sikuti mwathyoka, koma musamachite kusakasaka kulirako.

Tsopano pomwe pagona nkhani, chubu. Kokonzetsa njinga kulikonse amataya machubu ophulika, pemphani imodzi, dulani pomwe pali valavu, mwapeza chida chomwe kujimu amachigula ndi meticais ambirimbiri. Ikakhala yolimba kwambiri ing'ambeni chotalika ikhale ngati malegeni omangira katundu aja. Gwirani ndi manja awiri kutsogolo mulingo wa chifuwa, mikono yowongoka, kokani motambasula mpaka chubu ikhudze chifuwa, bwererani pang'onopang'ono, kubwerera kumeneku ndi theka la ntchito nde osangoisiya ikukokeni. Maganizo anu akhale pa mafupa awiri a kumsana kuseri kwa mapewa aja, ayandikane ngati mukufuna kupana pensulo pakati pake, ndipo mapewa asakwere kumakutu. Ine sabata yoyamba ndinkangokweza mapewa ngati munthu wozizidwa ku Tsangano mwezi wa 6, mapeto ake khosi ndi lomwe linkawawa, mpaka mwana wanga anandijambula kavidiyo kumbuyo ndi pomwe ndinaona kulakwa. Kachiwiri kolowekani chubu ija pamtengo wa mango kapena pa chitsulo cha pawindo mulingo wa mchombo, bwererani mmbuyo mpaka ikungike, kokerani zigongono chakumbuyo modutsa m'nthiti ngati mukupalasa bwato ndi manja onse awiri. Iliyonse ka 12 kapena 15, mupume, maulendo atatu. Zikayamba kuphweka gwirani chubu pafupi kapena iphatikizeni pawiri, chifukwa nyama ya munthu imalimba pokhapokha ntchito ikamawonjezekera, mukakhala pa chubu yofewa yomweyo miyezi itatu ndiye kuti mukungovina.

Pakhoma paja mutha kubwereranso, mikono yopinda itatsamira khoma, nkumaikweza ndi kuitsitsa osachotsa zigongono pakhomapo, kakhumi. Imaoneka yachibwana koma muyese.

Anzanga a mota, madalaivala a chapa, a mathiraki ogona pamzere pamalire ku Zóbuè ndi ku Calómuè, oyendetsa zimakina ku migodi ya malasha ku Moatize, ndi inu okhala pa kambulera tsiku lonse kutumiza ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola, yanu yaikulu ndi ya m'chiuno. Gwadani bondo limodzi pa chinthu chofewa, mwendo winawo uponde kutsogolo ngati mukufunsira mbeta za pa TV zija. Musanasunthe finyani thako la mbali yomwe mwagwadayo, chiuno chilowe pansi ngati galu wobisa mchira, kenako sendererani kutsogolo pang'ono chabe. Kukoka mukumve kutsogolo kwa ntchafu kumtunda. Mukapanda kufinya thako mumangopinda msana ndipo palibe chomwe mwakoka. Masekondi 30 mbali iliyonse, kawiri. Mukatero gonani chagada, mawondo opinda, mapazi pansi, kwezani matako mpaka thupi liwongoke kuchokera pamawondo kufika pamapewa, gwirani muwerenge mpaka 3, tsikani, ka 12. Ngati ikugwira ndi kuseri kwa ntchafu mpaka kukokana, bweretsani mapazi pafupi ndi matako. Yomaliza gwadani ngati mwana wokwawa, tambasulani mkono wamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo nthawi imodzi, msana usagwedezeke ngati pali kapu ya tiyi, sinthani, ka 8 mbali iliyonse.

Wina anena kuti ife alimi mafizo ngati mmene amanenera anzathu a ku Dedza ndi a chiyani, khasu silikwana? Khasu limalimbitsa zedi, koma limalimbitsa mbali imodzi yomweyo, yowerama. Nyengo yopalira kapena yokumba mbatatesi munthu amakhala chiweramire kuyambira mbandakucha. Powerama pindani m'chiuno, matako apite kumbuyo, mawondo afewe, osati kupinda pakati pa msana ngati uta. Mukatha mzere uliwonse kapena iwiri imani, manja m'chiuno kumbuyo, pendekerani chagada pang'ono kasanu. Ndipo mpini ukhale wa msinkhu wanu, osati munthu wamtali kumalimira kakhasu ka ana. Thumba la feteleza la makilo 50 lija nyamulani awiri, kapena likumbatireni pafupi ndi thupi mudzuke ndi miyendo. Amayi osenza ndowa pamutu amayenda mowongoka mokongola, zoona, koma katundu wolemetsa pamutu tsiku ndi tsiku amapweteka khosi, nde musati poti mumasenza simukufunika chubu.

Zokoka zija chitani tsiku lililonse, sizitha mphindi 10. Zolimbitsa, chubu ndi za pamphasa, katatu pa sabata modumphitsa tsiku. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, ndiye katatu mwadutsa kale. Kuno ku Angónia m'mawa wa mwezi wa 6 ndi 7 musayambe kukoka thupi lili gwa ndi chisanu, yendani kaye kapena sesani pabwalo mpaka mutenthedwe. A mu mzinda wa Tete inu vuto lanu ndi lina, chitani dzuwa lisanatuluke, masana a mwezi wa 10 ngakhale mbuzi imafuna mthunzi. Ine kuwawa kwa khosi kunayamba kuchepa patatha masabata atatu, koma kuti nkhongo ifike pakhoma osakakamiza panadutsa miyezi yoposa iwiri, ndipo ndikalekerera sabata ziwiri nthawi ya mayunifolomu sukulu zikamatsegulira zimayamba kubwerera.

Mphindi 15 za mafizo sizingagonjetse maola 10 okhala malo amodzi, nde konzaninso pogwirira ntchito. Ine ndinaika matabwa pansi pa miyendo ya tebulo la makina kuti likwere, ndinasiya kabenchi nkupeza mpando wotsamira, ndinaikanso kapulana yopinda kumbuyo kwa chiuno. Foni ikwezeni ifike kumaso, maso asaitsatire pamiyendo. Chikwama cha ndalama chichoke m'thumba lakumbuyo mukakhala. Ndipo pakatha theka la ola dzukani, ngakhale kungopita kukalonjera a neba, chifukwa ngakhale kakhalidwe kabwino kamapweteka ukakhalitsa osasuntha. Malamba okoka mapewa omwe akutsatsa pa intaneti aja ine sindiwakhulupirira, ndinagula limodzi, limakukumbutsa kuwongoka inde, koma ntchito yomwe minofu yako imayenera kuphunzira likugwira ndi lamba, ukavula wabwerera, kuphatikiza apo limasupula kukhwapa kukatentha. Mphini nazo sizitalikitsa mnofu wofupika.

Koma si msana uliwonse wa chubu. Ngati ululu ukutsikira m'mwendo kapena m'mkono ndi dzanzi, mwendo ukufooka kapena phazi likukwakwaza, mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha kapena zikukanika, pakati pa miyendo pachita dzanzi, siyani zonsezi muthamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi msana wowawa usiku osalola tulo pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, makamaka pakatuluka kafupa kosongoka pamsana, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana ndipo imeneyo imafuna mankhwala. Mwana yemwe phewa lina lakwera kuposa linzake kapena nthiti zatukuka mbali imodzi akawerama, akamuone adokotala, kumukalipira kuti aime bwino sikuthandiza. Agogo omwe anapindika ndi ukalamba nthawi zina ndi mafupa omwe anafewa, musawagoneke pa thaulo lija kapena kuwakanikiza kumsana kuti awongoke, mutha kuwathyola, iwowo kuyenda ndi kukoka chubu yofewa atakhala pampando kwakwana. Amayi oyembekezera ndi omwe anachitidwa opaleshoni posachedwa afunse kaye kusikelo kapena kwa a fisioterapia, achipatala oona za mafizo.

China ndisanaiwale, chubu ija muziiyang'ana musanakoke, makamaka pomwe panamatidwa zigamba ndi pomwe yakhala padzuwa nkuyamba ming'alu. Yanga yoyamba inaduka nditaikoloweka pamtengo, inandikwapula pamlomo ndinakhala masiku atatu ndikumwa phala ndi supuni yaing'ono, makasitomala nkumafunsana chapansipansi ngati kunyumba kuli mtendere. Ikolowekeni mulingo wa mchombo, osati wa nkhope, ndipo mukamaliza isungeni m'nyumba.