Mwatola mwala wokongola, muudule kapena muusiye?

Ambirife kuno ku Mzuzu tikangotola mwala wowala timathamangira kwa munthu wa makina odulira matailosi, koma chonde dikirani kaye, mwala ukadulidwa subwereranso. Yambani ndi kuutsuka ndi madzi ndi kamswachi kakale, kenako muuyang'anitsitse ukadali wonyowa, chifukwa mmene ukuonekera pamenepo ndi mmenenso udzaonekere mukamaliza kuupolisha. Ngati uli wonyowa sukukukokani mtima, olo muupere mwezi wonse palibe chidzasinthe.

Kenako yesani kulimba kwake. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, yomwe imayambira 1 kufika 10, quartz ali pa 7, aquamarine wa ku Mzimba ali pa 7.5 mpaka 8, ruby ndi sapphire za ku Chimwadzulu ku Ntcheu zili pa 9, pomwe galasi wamba ali cha pa 5.5. Nde tengani botolo mulikande ndi mwalawo, ukasiya mzere ndiye kuti ndi wolimba ndipo udzawala bwino. Ngati mpeni ukuukanda ndi wofewa, donthezanipo viniga, pakatuluka tithovu ameneyo ndi calcite wa pa 3, musamuike pamodzi ndi quartz mu tumbler, makina ozungulira osalazira miyala, adzasungunuka ngati sopo.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani. Lowani m'chipinda cha mdima muyatse tochi ya foni kumbuyo kwa mwalawo. Ngati kuwala kukudutsa bwinobwino, mkati mulibe ming'alu kapena zoyerayera, makamaka ukakhala wa buluu wotuwirako, musaukhudze ndi grinder ndithu, umenewo ndi wopita nawo kwa wodziwa faceting, kudula mwala kuti ukhale ndi timbali tambiri tonyezimira, amene ali ndi makina ake oyeza ma angle. Ngati uli ndi mbali zake zachilengedwe, monga quartz kapena amethyst wa mbali sikisi wosongoka kumutu, kapena aegirine wakuda wa ku Malosa uja, usiyeni momwemo, ine zimandipweteka kuona munthu atafafaniza nsonga yomwe inapangika yokha pansi pa nthaka pongofuna kuti mwala ukhale wozungulira, ndipo osonkhanitsa miyala amaufuna uli choncho osadulidwa.

Yoyenera kudula ndi ija kuwala sikudutsa kwenikweni koma ili ndi mtundu kapena mizere, monga agate wa buluu wa ku Ngabu ndi rose quartz. Imeneyi mumadula kachidutswa kenako mumapera pamwamba pakhale potukuka pansi pafulati, cabochon imeneyo, ya pa mphete kapena mkanda. Musanadule uzungulizeni kangapo muli kuunyowetsa, mujambule ndi maka, cholembera cha inki, pomwe mizere yakongola, ndipo mzere wodulira utsate mng'alu womwe ulipo kale chifukwa mwala udzasweka pomwepo basi. Mica wonyezimira uja musavutike naye, amangosendeka.

Timiyala tosalala kale ta kunyanja, ta ku Nkhata Bay kapena Chintheche, mutha kutipanga pamanja. Pezani sandipepa wosaopa madzi wa silicon carbide, muyale pa galasi lafulati, muyambe ndi wokhakhala wa nambala 80 kapena 120, kenako 220, 400, 600 mpaka 1200, pomaliza ufa wopolishira wa cerium oxide pa kachikopa. Pakani maka pa mwala wonse musanasinthe nambala, inki ikatha paliponse ndiye mwadutsa, ikatsalira mu timizere pitirizani pomwepo. Amene muli ndi tumbler sitepe iliyonse imatenga pafupifupi sabata, magetsi akathima ingowonjezerani masiku, ndipo matope ake musathire mu sinki amatseka mapaipi.

Chilichonse muzichita ndi madzi. Fumbi la quartz likamalowa m'mapapo limayambitsa silicosis, matenda osachizika, nde bledi ya dayamondi izinyowa nthawi zonse, muvale magalasi oteteza maso ndi masiki yeniyeni ya fumbi osati kansalu, komanso ana asamakhale pafupi pomwe mukudulira.